Kutunga madzi akadali kutuluka

Munthu aliyense amene wakhalitsa mu Lilongwe, kaya ndi ku Kawale, ku Area 25, ku Chilinde kapena kwa Chinsapo, amadziwa kuti madzi a pampopi satungidwa pa nthawi imene munthu wamva ludzu, koma pa nthawi imene akutuluka. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mpopi ukhoza kukhala chete tsiku lonse, kenaka n'kuyamba kutsokomola pakati pa usiku, ndipo m'nyumba imene muli munthu wachikulire mumamveka kugunda kwa ndowa nthawi yomweyo, pamene achinyamata amangotembenuka pabedi n'kunena kuti atunga m'mawa. Kukacha mpopi umakhala utauma, ndipo amene anati atunga m'mawa aja ndi amene amayamba kufunsa ngati m'diramu mwa agogo mungapezeke timadzi tosukusulira. Ndakhala ndikusinkhasinkha zimene zaka zimaphunzitsa munthu mumzinda uno, ndipo ndaona kuti nzeru zambiri za ukulu zimabwerera pa mfundo yomweyi, yakuti chinthu chimachitidwa chikadali chotheka, osati chitafika povuta.

Achinyamata amaziseka zizolowezi za anthu akuluakulu, ndipo kunena zoona zina n'zoseketsadi. Bambo amene ali ndi msonkhano wa 10 koloko ku City Centre amatseka chitseko cha nyumba yawo ku Area 36 dzuwa lisanatuluke bwinobwino, ndipo akafika amapeza mlonda akusesabe pakhomo, iwo n'kukhala pabenchi mosatekeseka, nyuzipepala ili m'manja. Ana awo amati bambo amakonda kudikira. Koma bambowo amadziwa zimene anawo sanaziphunzire: kuti minibasi sinyamuka isanadzaze, kuti kondakitala akanena kuti watsala munthu mmodzi ndiye kuti atsala asanu, ndiponso kuti galimoto imodzi ikangofera pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, theka la mzinda limaima. Iwo anasankha kalekale kuti kudikira uli pamthunzi, pamalo pamene ukupita, n'kwabwino kusiyana ndi kudikira utapanikizika pampando wakumbuyo, thukuta lili kamukamu, mtima uli m'mwamba.

N'chimodzimodzinso ndi chikwama cha mayi wachikulire. Mtsikana amapita ku ukwati ndi kachikwama kongokwana foni, pamene azakhali ake amanyamula chikwama cholemera chimene aliyense amachidandaula pokwera galimoto. Mukachitsegula mupezamo chitenje chachiwiri chopindidwa bwino, juzi ngakhale kunja kukutentha, kabotolo ka madzi, singano yobayidwa pakapepala pamodzi ndi ulusi wakuda ndi woyera, mapilitsi a mutu, majumbo awiri, ndi ndalama zing'onozing'ono zosinthiratu za perekaniperekani. Mwambo usanafike pakati, zipi ya diresi ya mmodzi wa operekeza mkwatibwi imasomphoka, mwana wina amadzithira chakumwa, mphepo yamadzulo imayamba kuomba, ndipo onse amene ankadandaula aja amabwera kwa azakhali mmodzimmodzi. Azakhaliwo sanena kanthu, amangotsegula chikwama n'kupereka akumwetulira. Chilichonse chimene chili m'chikwamamo chinalowamo chifukwa cha tsiku lina limene chinasowa.

Mzindawu nawonso sudikira munthu. Pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, malo ambiri amene lero kuli nyumba zothithikana anali minda ya chimanga ndi tchire, ndipo pofika kalembera wa 2018 anthu a mumzinda uno anali atatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. N'chifukwa chake munthu wamkulu akamalozera njira amatchula zinthu zimene kulibenso. Amauza mnyamata wa kabaza kuti akhotere pamene panali chigayo, apitirire pamene panali mtengo waukulu wa mkuyu, ndipo mnyamatayo, amene anabadwa mtengowo utadulidwa kale, amangoti "chabwino madala" n'kukafunsa munthu wina kutsogolo. Ngakhale pa Area 18, pamene kuyambira 2020 pali misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ambiri a ife timanenabe kuti pa raundabauti. Kalembera yemweyo anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18, kutanthauza kuti misewu, mizere ya kubanki ndi masiteji a minibasi zimayendera liwiro la miyendo yachinyamata, ndipo munthu wamkulu ayenera kudziteteza ndi pakamwa pake. Wa kabaza wa njinga yamoto amauzidwa kuti ayende pang'onopang'ono munthu asanakwere, ndalama ikadali m'thumba, chifukwa njinga ikangonyamuka mawu onse amapita ndi mphepo. Kukwera anthu atatu panjinga imodzi n'kosayenera kwa aliyense, koma kwa munthu wa zaka 60 n'koopsa kwambiri, pakuti fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo limachedwa kulumikizana, ndipo ena sayendanso bwinobwino.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ukulu umaseketsa kwambiri, komanso ndi pamene umapweteka kwambiri. Munthu amene anaona kwacha ikuyamba mu 1971, nthawi imene tambala inkagula kanthu ndipo mwana akaitola panjira ankathamanga nayo kugolosale, zimamuvuta kuvomereza kuti ndalama ya pepala ya K5,000, imene inatuluka mu 2022, imatha asanatuluke mumsika. Tsiku lina mumsika wa Lizulu ndinamva bambo ena a imvi akufotokozera mtsikana wogulitsa tomato mtengo umene ankagulira mulu wonse m'zaka za m'ma 1980. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu mpaka bambowo atamaliza, kenaka anati, "Agogo, tomato wa chaka chimenecho anatha, amene watsala ndi wa lero." Bambowo anaseka mpaka kupukuta misozi, anagula milu iwiri, ndipo mtsikanayo anawawonjezera tomato mmodzi pamwamba.

Kukumbukira mitengo yakale sikulakwa, bola munthu atengepo phunziro loyenera, lakuti ndalama yosungidwa pansi pa matiresi imachepa yokha popanda wakuba kulowa m'nyumba. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasunga ndalama za malata a nyumba yonse anapezeka ali ndi ndalama zosakwananso denga. N'chifukwa chake amayi ambiri achikulire amagula malata limodzilimodzi n'kumawaimika kuseri kwa kabati, ndipo chimanga amagula mu Meyi kapena Juni, anthu akangokolola, n'kuchithira mankhwala a anankafumbwe kapena kuchisunga m'matumba osalowa mpweya, m'malo modikira Januwale ndi Febuluwale pamene thumba limakwera mtengo. Ana amadandaula kuti matumba adzaza pabalaza ndipo alendo alibe pokhala, koma akamadya nsima mu Febuluwale dandaulo limenelo silimvekanso.

Amene ali pantchito yolembedwa ali ndi mwayi wa penshoni, pakuti lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakhazikitsa kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuikapo 5 peresenti, ndipo ogwira ntchito m'boma ambiri amapuma akakwanitsa zaka 60. Koma ndaona anzanga angapo ndalama zimenezi zikuwathera m'manja chaka chisanathe. Mbiri yoti penshoni yatuluka imafika kwa abale mwiniwake asanabwere kuchokera kubanki, ndipo zidzukulu za msuweni zimene sizinaonekepo chiyambire zimatulukira pageti zitanyamula nkhuku imodzi ndi mavuto asanu. Komabe vuto lalikulu si abale ayi, koma bizinesi yoyamba mochedwa. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akulemba makalata ku Capital Hill amagula minibasi mwezi woyamba atapuma, osadziwa mtengo wa matayala, osadziwa mmene dalaivala ndi kondakitala amawerengera ndalama za tsiku, ndipo pakapita miyezi ingapo galimotoyo imakhala itakhazikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Bizinesi imaphunziridwa malipiro akadalipo, kuyambira pa nkhuku 50 kapena kagolosale kapakhonde, kuti ikagwa munthu adye malipiro a mwezi wotsatira n'kuyambiranso. Tisaiwalenso kuti anthu ambiri a mumzinda uno, monga ogulitsa mumsika, osoka, akalipentala ndi a maganyu, alibe penshoni ina iliyonse, ndipo mtukula pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, umafikira mabanja ovutikitsitsa okha. Kwa amenewa, banki m'khonde, chipereganyu ndi kachipinda kamodzi ka lendi kuseri kwa nyumba ndiye penshoni yawo, ndipo zonsezi zimayambidwa mawondo akadali olimba.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu a msinkhu wanga, akuti, "Ndikapuma ndibwerera kumudzi." Mawuwa ndi okoma ndipo ndimawamvetsa, chifukwa kumudzi kulibe lendi ndipo nkhwani sagula. Koma mudzi susungira munthu malo chifukwa chongoti anabadwirako. Munthu amene watha zaka 30 osapita kumaliro a kwawo ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Dedza, amene anyakwawa atsopano samudziwa nkhope, amene munda wa amayi ake unalimidwa ndi ena mpaka malire anaiwalika, akadzafika ndi katundu palole adzalandiridwa monga mlendo, ndipo mlendo amapatsidwa mpando, sapatsidwa munda. Ofuna kubwerera ayambe kubwerera tsopano. Azipita nthawi yolima, azikhala nawo pamaliro mpaka kumanda m'malo mongotumiza chipepeso pafoni, amange kanyumba ngakhale ka zipinda ziwiri, ndipo azitengako ana kuti adziwane ndi asuweni awo. Aganizirenso za mtunda wopita kuchipatala, chifukwa munthu wolandira mankhwala mwezi ndi mwezi, amene akukakhala kutali ndi chipatala, msewu wake woterera nthawi ya dzinja, ayenera kudziwiratu amene adzamunyamule. Ena akawerengera zonsezi amaona kuti kwawo kwenikweni ndi ku Mchesi kapena ku Biwi kumene akhala zaka zonsezi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Thupi limayamba kulankhula motsitsa mawu, ndipo kawirikawiri limayambira m'maso. M'tchalitchi mukayang'anitsitsa muona anthu a zaka za m'ma 40 atagwira buku la nyimbo patali, mkono utatambasuka mpaka kumapeto, akuimba vesi loyamba mokweza chifukwa analiloweza, koma pofika vesi lachitatu n'kumangotsatira mang'ombe a anzawo. Amenewa si matenda oopsa, chifukwa diso la munthu aliyense limayamba kuvutika kuona zapafupi pa msinkhu umenewo, ndipo magalasi owerengera amathetsa vutoli tsiku lomwelo. Ng'ala nayo ili ndi thandizo. Agogo ambiri amakhala mumdima zaka zambirimbiri poganiza kuti ndi ukalamba basi, pamene ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi kuchipatala cha maso cha pa Kamuzu Central kapena ku Nkhoma, munthu n'kuyambanso kuona nkhope za zidzukulu zake.

Choopsa kwambiri ndi chimene sichimveka kupweteka. Kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti BP, kumatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akudya, akuseka, akupita kuntchito, mpaka tsiku limene mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka. Kuyezetsa sikutenga nthawi. Namwino amakukulunga kansalu pamkono, kamafufuma n'kukufinya pang'ono, kenaka kamaphwa, ndipo pamakina pamaoneka manambala awiri. Ngati manambalawo akufika pa 140 ndi 90, kapena kupitirira apo, pa masiku osiyanasiyana, munthu ayenera kuonana ndi dokotala. Amene amandipweteka mtima ndi anthu amene amayamba mankhwala bwinobwino, n'kuwasiya pakatha miyezi iwiri chifukwa akuti akupeza bwino, kapena chifukwa wina pa WhatsApp wawauza kuti adyo ndi mandimu zimachiza. Kupeza bwinoko ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, osati woti matenda atha. Mnansi wathu wina, bambo amphamvu amene ankakweza okha thumba la simenti pamapewa, anasiya mapilitsi motero, ndipo lero akazi awo ndi amene amawamanga mabatani a malaya.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi wosakwana supuni yaing'ono imodzi. Tikawerengera kamulu ka mchere ndi tsabola kamene timasunsa pachiwaya, mchere wa m'ndiwo, timakyubu tokometsera, soda wa mu therere, ndiponso dzanja lija limene limafikira mchere patebulo mwiniwake asanalawe n'komwe, tiona kuti ambiri timamaliza gawo la tsiku lonse nkhomaliro isanathe. Shuga wa mu tiyi nayenso safunika kumusiya mwadzidzidzi. Amene amathira masupuni anayi azichepetsa theka la supuni pakapita masabata angapo, ndipo lilime limazolowera popanda kuchita mkangano. Chosangalatsa n'chakuti zakudya zimene tinkazithawa tili ana ndi zomwe madokotala akutibwezerako: mgaiwa umene tinkauti ndi wa kusukulu yogonera, bonongwe ndi chisoso zimene zimamera zokha kuseri kwa nyumba, nyemba, nkhwani wotendera, ndi mbatata yophika m'malo mwa buledi. Agogo akumudzi akamva kuti anthu a ku Area 47 akusakasaka mgaiwa m'masitolo amaseka chikhakhali. Za kuyenda, malangizo ake ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo sizifuna nsapato zatsopano. Kutsika minibasi siteji imodzi usanafike kwanu, n'kuyenda mofulumirirako mtunda wotsalawo, kumakwaniritsa gawo lalikulu.

Kwa abambo ndili ndi mawu apadera. Mwamuna akapitirira zaka 50 n'kuyamba kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo n'kumatuluka movutikira, nthawi zambiri chimakhala chiwalo chotchedwa prostate chimene chakula, ndipo thandizo lake lilipo. Ambiri amabisa, ngakhale kwa akazi awo, mpaka usiku umene mkodzo watsekeratu ndipo banja lonse likuthamanga kusaka galimoto. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amayi nawonso asazengereze kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene yatenga amayi ambiri m'dziko muno, pamene ikapezeka msanga imathandizika.

Nkhani imene anthu amaithawa kuposa zonse ndi ya mapepala. Ndinakhalapo ndi mayi ena amasiye patangopita masiku ochepa chiikireni amuna awo m'manda, tikufufuza m'sutikesi yakale imene inkakhala pansi pa bedi. Munali malisiti a wailesi imene inawonongeka kalekale, makadi a maukwati a anthu ena, zithunzi zofiirira, ndi buku la kusikelo la mwana amene tsopano ali ndi ana ake, koma pepala la puloti imene nyumbayo inamangidwapo munalibe. Malemuwo anagula malowo kwa munthu wina pamaso pa amfumu, onse awiriwo anamwalira kale, ndipo panalibe chimene chinalembedwa. Mayiwo anakhala pansi, sutikesi ili pamiyendo, n'kunena kuti, "Ankati adzakonza akapuma."

Ambiri amaopa kuti kulemba wilo n'kuitana imfa, koma manda a ku Area 18 ndi ku Kawale adzaza ndi anthu amene sanalembepo wilo. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha anthu omwalira limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma lamulo limayenda msanga pamene pali pepala. Wilo imalembedwa, mwiniwake n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri zimenenso zimasaina, ndipo ndi bwino kuti mbonizo zikhale anthu amene sadzalandirapo kanthu. Fomu ya penshoni yotchula odzalandira ndalama iyeneranso kuonedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa ena analembapo mayina a makolo awo asanakwatire, ndipo makolowo anatsogola kale pamene ana anayi sanalembedwepo. Dzina la pachiphaso cha unzika, chimene ambiri tinalembetsa mu 2017, lifanane ndi la kubanki, la kupenshoni ndi la papepala la malo, pakuti chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kuyendetsa wamasiye m'maofesi miyezi yambiri. Mapepala onsewa akhale mu envelopu imodzi, pamalo posafika chiswe ndi madzi, ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe pamene ili.

Foni yabweretsa mtundu wina wa chisokonezo m'mabanja. Agogo akapempha thandizo, mdzukulu wa zaka 8 amalanda foniyo, n'kudinadina kawiri, n'kubweza vuto litatha, osafotokoza chilichonse, ndipo mawa lake vuto lomwelo limabwerera mdzukuluyo ali kusukulu. Njira yabwino ndi kukana kupereka foni n'kunena kuti, "Undiuze pang'onopang'ono, ndidine ndekha," kenaka n'kulemba m'kope zimene zachitika. Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa mwana sikuchotsa ulemu wa munthu. Pa Airtel Money ndi Mpamba ndi pofunika kusamala kwambiri. Ndaonapo agogo ena akutchula nambala yawo yachinsinsi mokweza pamzere, n'kuibwereza kuti wothandizayo amve bwino, ndipo enanso amailemba papepala n'kumata kumbuyo kwa foni yomweyo. Akuba a masiku ano sathyola zenera. Amatumiza uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena amaimba mwachangu kuti mwana wavulala kusukulu, kapenanso kuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene simunalowe nawo. Onsewa amadalira kuti munthu achite zinthu mopupuluma, choncho chofunika ndi kudula foni, kukhala pansi, n'kuimbira mwiniwake wa nkhaniyo pa nambala imene mumaidziwa kale.

Koma ndalama, mankhwala ndi mapepala sizingamuchezetse munthu madzulo. Pamaliro alionse mu Lilongwe pamamveka mawu akuti, "Tiziyenderana abale, tisamangokumana pamaliro." Onse amavomera ndi mtima wonse, amapatsana manambala, ndipo amadzakumananso pamaliro otsatira n'kubwereza mawu omwewo. Munthu akapuma pantchito amadabwa kuti foni imene inkalira tsiku lonse yakhala chete, chifukwa ambiri amene ankawayesa anzake anali anzake a ofesi. Ana ali ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, mpanda wa njerwa ndi wautali, ndipo mnansi wa kuseri kwa mpandawo amadziwika ndi mtundu wa galimoto yake basi. Pa nkhani iyi amayi amachita bwino kuposa abambo, chifukwa Chigwirizano, mphakati, banki m'khonde ndi kuphika pamaliro zimawasunga pakati pa anzawo moyo wonse. Abambo ambiri amazindikira mochedwa kuti analibe kwina kopita kupatula kuntchito. N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri magulu a bawo amene amakhala pansi pa mitengo m'madera athu. Mukaima pafupi mumva nkhomo zikugwera m'maenje mofulumira, wina akutsutsa kuti mnzake wadumpha dzenje, wina akulumbira kuti Silver Strikers ya chaka chino singafanane ndi yakale, wa Bullets ndi wa Wanderers akukangana nkhani imene anaiyamba asanamere imvi. Anthu odutsa amati abambowa akutaya nthawi. Koma mmodzi wa iwo akasowa masiku awiri, tsiku lachitatu anzake amakagogoda pakhomo pake, ndipo pali anthu amene anafika kuchipatala nthawi yabwino chifukwa cha kugogoda kumeneko.

Kudziwika kwa anansi kumafika poteteza moyo pa nkhani ina imene sindingailembe moseka. Okalamba ena amadwala matenda a ubongo oiwalitsa, moti amatuluka usiku, amasochera pafupi ndi kwawo, amalankhula zosagwirizana, ndipo nthawi zina amapezeka m'mawa pakhomo pa eni asanavale bwino. M'malo mowathandiza, anthu amakuwa kuti kwagwa mfiti, ndipo m'dziko muno agogo ambiri amenyedwa, ena mpaka kuphedwa, chifukwa cha mawu amenewa. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, koma pa nthawi imene gulu lasonkhana, amene amapulumutsa agogo ndi munthu mmodzi wolimba mtima wonena kuti, "Awa ndimawadziwa, ndi agogo a panyumba yapakona ija, ndiwaperekeza." Banja limene lili ndi wodwala wotere lisabise. Liuze amfumu a m'deralo, anansi ndi a kumpingo vuto likangoyamba, lisokerere kapepala ka dzina ndi nambala ya foni m'thumba la chovala chawo, ndipo liwatengere kuchipatala. Ife a zaka zapakati tikumbukirenso kuti ana athu akuonerera mmene tikuyankhira makolo athu akafunsa funso lomwelo kachisanu.

Amene tikadali ndi makolo, azakhali kapena amalume amoyo, tiwafunse mafunso tsopano. Iwo ndi amene akudziwa kumene mtundu wathu unachokera, chifukwa chimene mbumba inagawikana, mtengo umene uli pamalire a munda, amene anaikidwa mbali iti ya manda, mmene chimera cha mawere chimakonzedwera kuti thobwa likome, ndiponso zimene makolo awo anadya kuti apulumuke njala ya 1949. Zinthu zimenezi sizinalembedwe paliponse, ndipo pamaliro ambiri timaona akuluakulu a banja akuyang'anana, aliyense akuyembekeza kuti mnzake ndiye akudziwa. Sipafunika kupita ngati wofunsa mlandu. Munthu amanyamula paketi ya shuga ndi sopo, amakhala pamphasa, amathandiza kusenda mtedza, n'kutsegula chojambulira mawu cha mufoni atawapempha kaye. Agogowo adzabwereza nkhani zimene mwazimva kambirimbiri, ndipo musawadule, chifukwa nthawi zambiri dzina limene linkasowa limatulukira pakati pa nkhani yobwerezabwereza yomweyo. Funso loyamba likhale losavuta, monga dzina la agogo awo aakazi ndi mudzi umene anabadwira. Mukabwerera kunyumba, mawuwo muwatumize kwa abale pagulu la WhatsApp la banja, ndipo mayinawo muwalembenso m'kope ndi cholembera, chifukwa mafoni amasowa m'depoti.